Mbale ya Triza

Nsambe, Neno
8 Januwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Triza,

Ndikhulupirira unayenda bwino pobwerera ku Limbe. Kuno tili bwino, mvula ikugwa mokwanira, ndipo mbatata ya kachewere yayamba maluwa kumunda wa kumtunda. Mayi ako akupereka moni. Kalatayi ndapatsira a Bernard a lole la mbatata. Usandiimbire foni pa nkhani iyi. Ukudziwa kuti kuno netiweki timakaipeza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo sindingaime pamenepo n'kumakuwa za m'nyumba mwanga mudzi wonse ukumva.

Zaka zitatu ndakhala ndikuuza anthu mumpingo kuti mwana wa Alfred Jimu akuphunzira za udokotala. Pa Khirisimasi paja, a Ezekiele oyandikana nafe atakufunsa pamaso pa alendo kuti kuchipatalako umachita chiyani, ukanangoti umathandiza odwala n'kukhala chete. Koma iwe ayi. Unachita kuika kapu pansi n'kuyamba kulongosola kuti umapala litsiro louma m'mano mwa anthu, umatsuka magazi ndi mafinya a m'nkhama, umapopa malovu ndi kapaipi. Malovu, Triza! Nyama ya nkhumba inali m'kamwa mwanga ndipo inakana kutsika. A Ezekiele anaseka mpaka kutsokomola, ati, "Aphunzitsi, ndiye sukulu yonse ija mumasula mswachi wa anthu a m'tauni eti?"

Ine ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndinapirira ana a mamina ndi a zipere, koma sindinapisepo chala m'kamwa mwa munthu. Namwino ndimamumvetsa, mzamba ndimamulemekeza. Koma munthu kudzuka m'mawa, kusamba, kudzola mafuta, kukwera minibasi, cholinga akaswere m'malovu a eni ake, zimenezi zikundichititsa nseru ngakhale pano ndikulemba.

N'chifukwa chake unapakuliridwa m'kambale kobiriwira kaja, ndi madzi akoako osamba m'manja. Usawaimbe mlandu mayi ako, ndinalamula ndine. Ntchito imeneyo uisiye. Ku Boma kumapezeka ntchito za ukalaliki, ndipo uli ndi mutu wabwino. Kufikira utaisiya, pakhomo pano uzibwera ndithu, ndi kwanu, koma dzanja lako lisapise m'mbale mwanga.

Undiyankhe msanga, undiuzenso ngati denga la nyumba ukukhalayo analikonza.

Ndine bambo ako,
A. Jimu

Limbe
20 Januwale 2024

Okondedwa Ababa,

Muli bwanji kumudziko, ndi Amayi? Denga analikonza. Ine ndili bwino m'thupi, koma kalata yanu yandilasa.

Mwaiwala kodi kuti pamudzi ponsepo mwana wamkazi wodya mbale imodzi ndi bambo ake ndinali ine ndekha? Anthu ankakusekani, inu n'kumati, "Ndili ndi mwana mmodzi, ndimudyetse kumbuyo kwa nyumba ngati galu?" Chiwindi cha nkhuku munkachikankhira mbali yanga. Lero mwandigulira kambale kangakanga. Ndinadyeramo masiku anayi osadandaula, poganiza kuti mwina mbale yaikulu ija yabooka.

Sindikunamizani kuti ntchito yanga ndi yonunkhira. Lolemba kunabwera bambo wina wa tayi, galimoto lake lodzaza pabwalo ponse. Atayasama ndinachita kubwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Fungo lake linali la khoswe wofera kudenga. Litsiro linali litauma ngati simenti, moti mano atatu a m'munsi anali atagwirana kukhala chinthu chimodzi. Ndinapala ola lathunthu, zibenthu zachikasu zikuthethekera pa magalasi anga. Masana sindinadye. Koma pomaliza, atadziona pa kalilole, anandiuza motsitsa mawu kuti akazi awo anasiya kalekale kukhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi. Akuti amangoti kumbuyo n'kozizira bwino.

Ndimavala magulovu, ndimaphimba mphuno ndi pakamwa, ndimasamba m'manja kuposa munthu aliyense ku Nsambe. Manja amene amawaza ndowe za nkhumba m'mizere ya mbatata ndi anu, Ababa, opanda gulovu ngakhale limodzi, koma sindinakanepo kudya nanu.

Chimene chandiwawa koposa si mbale. Masiku onse anayi munakhala pakhonde. Ndikati ndiyandikire ticheze, mumatembenuzira nkhope kumunda n'kuika mpango pakamwa, ngati kwadutsa ngolo ya manyowa. Ine mwana wanu!

Ntchito sindisiya. Ndaika m'phukusili miswachi inayi ndi mankhwala otsukira mano, amatigawira kuntchito. Mupereke moni kwa Amayi.

Mwana wanu,
Triza

Nsambe
3 Febuluwale 2024

Triza,

Moni. Tili moyo.

Phukusi lako lafika ndipo tanthauzo lake ndalimva. Ndakuuza kuti ntchito yako ndi yonyansa, iwe wandiyankha kuti m'kamwa mwanga ndi monyansa. Zikomo kwambiri. Agogo ako anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu akukukuta chimanga chokazinga, mswachi wawo unali kamtengo kothyola panjira. Sanafunepo mtsikana wa magulovu.

Miswachi yako sinapite pachabe. Umodzi ndikutsukira tcheni cha njinga, wina mayi ako akukwechera sefa ya tiyi, iwiri ndapereka kwa a Ezekiele kuti azipolishira nsapato.

Za bambo wa khoswe wofera kudenga uja usadzandilemberenso. Ndinawerenga ndisanadye, ndipo tsiku lonse lija sindinalawe kanthu.

Ngati umva kwa anthu kuti ndasiya kuwerenga Mawu m'tchalitchi, usadabwe. Ndapereka mpata kwa achinyamata, nawonso aphunzire. Mawu anga aja sanasinthe. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

A. Jimu

Limbe
26 Malichi 2024

Ababa,

Muli bwanji? Iyi ndi kalata yachitatu chiyambire Febuluwale. A Bernard akuti msewu unagumuka kumapiriko, lole linakhala masabata atatu osakwera, koma akulumbira kuti makalata awiri aja anakupatsirani m'manja. Ndiye kuti kukhala chete kwanu ndi yankho. Foni ndaimba kasanu, mumangoidula.

Pa Pasaka sindibwera. Kudya ndekha ndimadya kale kuno, sindingalipire minibasi ndi njinga yamoto kuti ndikadye ndekha kwathu.

Koma mwina musangalala ndi ichi. Lachinayi lapitali mayi wina wofwenkha fodya anandisanzira pachifuwa ndili pakati pomupala mano. Zinalowa mpaka m'kati mwa yunifolomu, zofunda, za nsomba ndi thobwa. Ndinapita kuchimbudzi, ndinasanza nanenso, kenako ndinakhala pansi pa simenti n'kulira. Ndinayang'ana manja angawa n'kuwaona monga mumawaonera inu. Chiyambire tsiku limenelo ndikamadya ndimagwiritsa supuni.

Mwapambana, Ababa. Kalata yosiya ntchito ndalemba, ili m'chikwama. Ndidzaipereka pa 30 Epulo. Zaka zitatu za sukulu zipite, bola ndikhale ndi bambo. Ntchitoyi ndimaidziwa, ndipo adokotala athu amati dzanja langa ndi lopepuka, ana salira ndikawagwira. Koma sindingapirire kununkha pamaso pa munthu amene anandiphunzitsa kugwira pensulo.

Mufunse za ukalaliki uja.

Triza

Nsambe
14 Epulo 2024

Triza mwananga,

Ndine mayi ako, Dailesi. Uli bwanji? Usaseke zilembo, pensulo ndinaigwira komaliza iwe uli kumsana. Bambo ako sakudziwa kuti ndalemba. Usaimbe foni, imakhala m'thumba mwawo.

Mwananga, amati tsoka silinunkha, koma la m'nyumba muno likununkha. Bambo ako akudwala m'kamwa chiyambire Okutobala. Anayamba ndi chiseyeye, akaluma nthochi pamatsala magazi. Kenako mano a kumanzere anayamba kugwedera. Pilo ndimachapa tsiku ndi tsiku, madontho ake achikasu ndi ofiira, sopo amachita kukana. Ine ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu, ndinawasamala pa malungo ndi pa kamwazi, koma fungo ili landigonjetsa. Ndimagona nditayang'ana kukhoma, chitenje pamphuno. Mulungu andikhululukire, akamapemphera pa chakudya ndimapuma ndi pakamwa.

Kutchalitchi sanapereke mpata kwa achinyamata ayi. Sabata ina akuwerenga Mawu, amayi a kwaya a benchi la kutsogolo anasamukira kumbuyo mmodzimmodzi. Iwo anaona. Anatseka Baibulo pakati pa ndime n'kukhala pansi, basi.

Za kambale kaja ndikuuze zoona. Anakagula iwe usanafike, za malovu zija usanazinene n'komwe. Ati, "Mwanayu waphunzira za mano, akakhala nane pafupi adziwa." Mpango uja sunali wa iwe, unali wa iwo eni. Utalongosola za mafinya pamaso pa alendo, munthu amene umamunena anali atakhala pompo nyama ili m'kamwa. Kunyansidwa ananyansidwa ndithu, sananame, koma sindikudziwa ngati iwo eni akudziwa kuti ananyansidwa ndi yani.

Kuchipatala cha kuno akukana, ati ogwira ntchito ena kumeneko anali ana awo a sukulu, sangawayasamire. M'malo mwake anapita kwa a Ezekiele. Awo anawotcha nthanga za nthula pa khasu lamoto, utsi n'kumaulowetsa m'kamwa ndi bango, kenako anationetsa timbozi toyera m'beseni la madzi, ati ndi timene timadya mano. Sizinathandize. Sabata yatha anawaika thonje lonyika m'madzi a batire ya galimoto. Anakuwa ngati nkhumba yophedwa. Pano tsaya latupa mpaka diso likutsekeka, akumwa phala lokha, ndipo kuyankhula akuchita kuvutika. Kuyankhulako kunayamba kale kuwavuta, n'chifukwa chake amadula foni.

Kalata yako ya mu Malichi, yowauza kuti usiya ntchito, anawerenga kawiri. Ndimati asangalala. Anaipinda n'kuiika m'Baibulo, anakhala pakhonde mpaka nkhuku kulowa.

Ndauza a Bernard kuti iyi asaiike m'thumba la makalata, akupatse m'manja akangofika. Wobisa matenda maliro adzamuulula, ndipo ine sindikufuna kuululidwa choncho.

Mayi ako

Limbe
16 Epulo 2024

Ababa,

Moni ndidzapereka tikaonana. A Bernard amene akupatsani kapepala aka sachoka pakhomopo opanda inu. Lole asiya likulira dala. Valani jekete, Amayi atenge bulangete, mupite kuchipatala chachikulu ku Boma lero. Kutupa kumeneko kukatsikira kukhosi kumatseka mpweya, ndipo munthu amafa. Sindikukuopsezani, ndinaziona ndili pasukulu. Ine ndanyamuka kale, mukandipeza pageti.

Musawakalipire Amayi. Wolakwa ndine. Fungo limenelo ndimalidziwa kuposa dzina langa, koma ndinaona bambo anga ataphimba pakamwa masiku anayi n'kumangoganiza za ine ndekha.

Timbozi ta a Ezekiele si mbozi. Ndi timitima ta nthanga zomwezo, timatuluka zikaphulika ndi moto. Akanafukiza nsapato yanu bwenzi itatulutsanso mbozi. Munthu amene anaseka ntchito yanga mpaka kutsokomola ndiye wakuthirani asidi m'kamwa ndi manja amene amasendera mbewa. Ndikamuganiza ndimamva nseru kuposa tsiku la mayi wa fodya uja.

Kalata yosiya ntchito ikadali m'chikwama. Ndidzakupatsani inu m'manja, koma mutayamba mwayasama pamaso panga. Mukadzanenanso pamenepo kuti ndisiye, ndidzasiya.

Kwerani lole, Ababa.

Triza

Limbe
10 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Munafika bwino kuchokera ku Boma? Nkhumba zija a Prisca amene munawasiyira pakhomo anazisamala? Ababa chibwerere nawo kuno ali bwino, bala la patsaya lauma. Akugona pabedi panga, ine pamphasa, ndipo akudandaula kuti ku Limbe kuno anthu sapatsana moni.

Za ku Boma munaziona nokha, mafinya odzaza kambale kachitsulo kaja ndi mano asanu ndi anayi amene anazula. Zimene simunaone ndi za dzulo. Mano otsalawo kuti apulumuke amafunika kupalidwa, ndipo kuntchito kwathu wopala ndine.

Anavala suti ya kutchalitchi. Atakhala pa mpando wogonekeka uja anagwira zogwirira ngati ali pa lole la a Bernard potsika phiri. Ndikuvala magulovu anandifunsa kuti, "Kodi palibe mwamuna woti achite zimenezi?"

Ndinati, "Alipo adokotala, koma awo ndi ozula. Mukufuna atsale angati?"

Ndinayatsa nyali, ndinati, "Yasamani, Ababa."

Amayi, ndinadikira mphindi mwina zitatu. Kenako anatsinzina n'kuyasama.

Sindikunamizani, ndinamva nseru. Mwa anthu onse amene ndawagwira chaka chino, m'kamwa moipa chotere ndinali ndisanamuone. Nkhama zinali zofiirira, zofewa ngati papaya woola, pongokhudza magazi n'kutuluka. Mbali imene anathira asidi mnofu unapsa n'kuchita chipsera choyera. Kuseri kwa mano a m'munsi litsiro linali lakuda, lokhuthala ngati chikhadabo. Mphuno yanga inkati thawa. Koma ndinakumbukira kuti m'kamwa momwemu ndi mmene munkatuluka nyimbo zija ankandiimbira pondiperekeza kusukulu, ndiye ndinagwira chitsulo changa n'kuyamba. Ola limodzi ndi theka. Kapaipi kaja kanapopa malovu a aphunzitsi a Jimu mpaka botolo kufika pakati. Misozi inkatsikira m'makutu mwawo, sindikudziwa ngati unali ululu, poti ndinali nditawabaya jakisoni woletsa kuwawa.

Nditamaliza anati, "Ndione." Ndimayesa akunena kalilole, koma ankanena zimene ndachotsa. Ndinawapatsa kathireyi. Anayang'ana zibenthu zija nthawi yaitali, anafunsa kuti, "Zonsezi zinali mwa ine?" Ndinati eya. Anati, "Ndiye iwe sunatembenuze nkhope?" Ndinati, "Ndikatembenuza ndingakuchekeni lilime."

Tili panja ndinawapatsa kalata yosiya ntchito ija monga ndinalonjezera. Anaiika m'thumba la jekete osaitsegula. Madzulo anadya phala lawo payekha atafulatira. Kaya zikutanthauza chiyani, Amayi, inu ndi amene mumawadziwa. Akwera Lachiwiri kubwerera kumudziko. Muziwapatsa madzi ofunda a mchere azichukucha katatu patsiku, akakana muwauze kuti ndalamula ndine.

Mwana wanu,
Triza

Nsambe
17 Juni 2024

Wokondedwa mwana wanga Triza,

Uli bwanji? Kuno kwazizira kwambiri, tayamba kukumba mbatata, ndipo manachesi apsa. Mayi ako ali bwino. Asiya kugona atayang'ana kukhoma, ndipo akuti ndikuuze zimenezi ngakhale ine sindikuona chifukwa chake.

Ndachedwa kulemba chifukwa mphunzitsi savomera msanga kuti masamu walakwitsa ndi iye. Mawu anga oyamba sindikuwabweza onse. Ntchito yako ndi yonyansa. Kathireyi kaja ndimakaonabe ndikatsinzina, ndipo ndikakakumbukira pa chakudya ndimaika supuni pansi. Koma zonyansazo zinali zanga. Ndinayenda nazo miyezi isanu ndi iwiri, ndinalalikira nazo, ndinagona nazo pafupi ndi mayi ako, kenako ndinaloza chala munthu yekhayo amene akanatha kuzichotsa. Ndikanamva za miswachi ija mu Januwale, adokotala a ku Boma akuti mwina asanu mwa asanu ndi anayi aja akanatsala. Ndinatsukira tcheni cha njinga.

Kalata yako yosiya ntchito sindinaiwerenge. Ndinakulungiramo nthanga za nthula zimene zinatsala m'nyumba n'kukawabwezera a Ezekiele. Anandifunsa ngati ndikufuna kufukizanso. Ndinawayasamira kuti awerenge okha mipata.

Dzulo ndinawerenganso Mawu m'tchalitchi. Mpweya umapulumukira m'mipatamo, moti mawu ena amatuluka ndi likhweru, ndipo ana a Sande sukulu anaseka. Aseke. Amayi a kwaya sanasamuke. Nditatseka Baibulo ndinauza mpingo kuti ndinawanamiza zaka zitatu, mwana wanga si dokotala. Ndinati amatsuka m'kamwa mwa anthu, amapala litsiro, amapopa malovu ndi kapaipi, ndipo m'kamwa mmene mukumvamo Mawu lero anatsuka ndi iyeyo. Ena anachita tsinya, mayi wina analavula pawindo. Koma potuluka anthu atatu anandikokera pambali mmodzimmodzi, aliyense dzanja lili pakamwa, kufunsa kuti ubwera liti. Mmodzi mwa iwo ndi mkazi wa a Ezekiele.

Unditumizire mswachi wina, wofewa uja unanena. Amene analipo ukudziwa kumene anapita.

Kambale kobiriwira kaja mayi ako amafuna akataye kudzala. Ndakana. Ndikudyeramo ndine phala, poti nyama ndi chimanga chokazinga ndinatsanzikana nazo. N'koyenera, ndinakagula ndine.

Koma mbale yaikulu ija ilipo, sinabooke. Mayi ako akuti mbatata yophika bwino ndi chiwindi cha nkhuku ndingathe kutafuna. Sindikukulamula, chifukwa iwe waona zimene mayi ako omwe sanazione, ndipo ukanena kuti sungadye nane ndidzamvetsa. Koma ngati sunyansidwa kupisa dzanja m'mbale imodzi ndi nkhalamba imene unaiona m'kamwa, bwera pa holide ya Julaye. Madzi osamba m'manja adzakhala beseni limodzi, ndipo udzayamba kusamba ndiwe.

Ndine bambo ako,
Alfred Jimu